Kuphunzira gitala: mphunzitsi wapadera, bandi ya kutchalitchi, sukulu kapena foni?

Magitala ambiri amene anthu amagula mosangalala amathera pamwamba pa wadiropu, nsambo zitachita dzimbiri. Mukamufunsa mwini wake amangoti, "Ine luso limeneli ndilibe." Kawirikawiri chimene chidasowa si luso. Nsonga za zala zidapweteka masabata oyamba, chord ya F (chord ndi kagwiridwe ka nsambo zingapo zolira pamodzi) idakana kulira, ndipo panalibe munthu woyang'ana dzanjalo n'kunena kuti, "Chala chachikulu chakwera kwambiri, chibwezeni kumbuyo kwa khosi la gitala." Mawu ochepa ngati amenewa, akanenedwa pa nthawi yake, ndi amene amachititsa kuti munthu asasiyire panjira.

Kuno kwathu ku Malawi munthu woyamba kumene ali ndi njira zinayi: kulipira mphunzitsi wapadera, kuphunzira kwa oimba a kutchalitchi kapena mnzake wa m'dera, kulembetsa kusukulu ya zoimbaimba, kapena kudziphunzitsa yekha pa foni. Ine ndimakondera njira yoyamba, makamaka pa miyezi yoyambirira, koma pokhapokha mphunzitsiyo akhale wodziwa kuphunzitsa, zomwe n'zosiyana ndi kudziwa kuimba. Mphunzitsi wapadera wosadziwa ntchito yake amaposedwa ndi YouTube yaulere.

Mphunzitsi wapadera

Ndalama zanu apa zimagula maso ndi makutu a munthu wina kwa theka la ola kapena ola lathunthu. Ma chord enieniwo ali ponseponse, aulere. Chomwe simungachipeze chaulere ndi munthu woona zolakwa zimene inu simukuziona.

Zolakwa za woyamba n'zing'onozing'ono koma zimamera mizu msanga. Amakanikiza nsambo pakati pa fret (mpata wa pakati pa tizitsulo ta pakhosi la gitala) kapena pamwamba penipeni pa kachitsulo, m'malo moika chala kumbuyo kwake pang'ono, ndiye gitala imalira ngati yosweka. Amafinya khosi la gitala ndi mphamvu zonse mpaka mkono kuuma. Zikhadabo za dzanja logwira ma chord amazisiya zazitali, zala n'kugona m'malo moima pansonga, n'kutseka nsambo yoyandikana nayo. Choopsa kwambiri chili kudzanja lomenya nsambo: limaima nthawi iliyonse dzanja linalo likamasaka chord, biti n'kuduka. Mphunzitsi wabwino zonsezi amaziona mphindi zochepa. Munthu wodziphunzitsa yekha akhoza kukhala nazo chaka chonse, ndipo kuchotsa chizolowezi kumavuta kuposa kuyamba bwino.

Ubwino wina ndi woti phunziro limayenda pa liwiro lanu. Amayi amene akufuna kuimba nyimbo za m'buku pa mapemphero a m'banja sayenera kudutsa njira imodzi ndi mnyamata wolakalaka kuimba lidi m'bandi ya rege. Komanso, tinene zoona, kudziwa kuti Loweruka muli ndi munthu amene mudzamuimbire kumakuchititsani kugwira gitala Lachitatu.

Phunziro likhoza kuchitikira kwa mphunzitsi, kwanu, kapena pa vidiyo. Kwa mphunzitsi ndi kumene nthawi zambiri kumatsika mtengo, ndipo mumapezako zida zina, koma muganizirenso za kukwera minibasi kapena kabaza mutanyamula gitala. Akamabwera kwanu, thiransipoti yake imakhala pamutu panu, kaya mwanena kaya simunanene. Za pa vidiyo ya WhatsApp kapena Zoom zimathandiza anthu akutali, monga Mmalawi wa ku Johannesburg kapena ku Leeds amene akufuna kuphunzira kaimbidwe ka kwathu kwa munthu wa ku Blantyre. Vuto lake ndi loti mawu amachedwa kufika, kotero simungaimbire limodzi. Wina aimbe, wina amvetsere. Magetsi akazima kapena netiweki ikavuta, phunziro lathera pompo.

Zofooka za njira imeneyi ziliponso. Palibe amene amapereka chiphaso cha uphunzitsi wa gitala wa pakhomo. Aliyense wodziwa ma chord asanu akhoza kulemba pa Facebook kuti amaphunzitsa. Ambiri mwa aphunzitsi ndi oimba amene amadya za m'mashoo ndi m'maukwati, ndiye ikafika nyengo ya maukwati kapena Disembala, foni yawo siyankhidwa. Ndipo mukamangoimba awiriwiri m'chipinda, mukhoza kudziwa zambiri koma n'kusokonezeka tsiku loyamba kuimba ndi ng'oma.

Bandi ya kutchalitchi, kapena mnzanu wa m'dera

Umu ndi momwe oimba ambiri a m'Malawi adaphunzirira, ndipo musaipeputse njira imeneyi. Mwana amayamba ndi gitala ya galoni, kenako amazungulirazungulira pa pulakatisi ya kwaya, kunyamula masipika, mpaka tsiku lina woimba gitala osabwera. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene katswiri wofufuza nyimbo Gerhard Kubik adakumana nawo ku Blantyre mu 1967 n'kuyamba kuwajambula, sadatulukire m'kalasi ya gitala. Luso lawo lidakula pomvetsera, poonera ndi poimba pagulu.

Chimene njira iyi imapereka, chomwe zina zitatuzi zimavutika nacho, ndi khutu. M'tchalitchi mayi woyambitsa nyimbo safunsa woimba gitala kuti tiyambire kiyi iti. Amangoyamba, mpingo n'kuvomera, ndipo inu mufufuze mwakachetechete mpaka mupeze pamene ali. Mukaipeza kiyi, nyimbo zambiri za makolasi zimayenda pa ma chord atatu: wa do, wa fa ndi wa so. Mu kiyi ya G amenewa ndi G, C ndi D; mu kiyi ya C ndi C, F ndi G; mu D ndi D, G ndi A. Munthu amene adakulira m'kwaya yoimba ndi do re mi ali kale patsogolo, ngakhale iye sadziwa. Kuwonjezera apo mumaphunzira kusunga biti chifukwa woimba ng'oma sakudikirani, ndipo zida mumazipeza pomwepo osagula.

Koma pa pulakatisi cholinga ndi nyimbo ya Lamlungu, osati inu. Gitala mumaigwira mphindi zochepa anthu akamamwazikana. Wokuonetsaniyo amati "gwira apa, apa ndi apa," osatchula dzina la chord, mwina chifukwa iyenso adaphunzira choncho. Zolakwa zake mumatengera limodzi ndi luso lake. Ambiri otulukira njira iyi amaimba mokoma mu kiyi imodzi kapena ziwiri, koma nyimbo ikagwera pa E flat amangotsitsa voliyumu. Woimba kiyibodi ali ndi batani losinthira kiyi. Wa gitala alibe, kupatula capo, kachida kofinya nsambo zonse pakhosi la gitala, imene ikamangidwa pa fret yachiwiri imachititsa kuti kagwiridwe ka G kalire A. Ngakhale capo imeneyo imafuna munthu wokufotokozerani kawerengedwe kake.

Pali nkhani inanso yovuta kuinena. Wophunzitsa mwaulere simungamufunse chifukwa chimene sadabwerere dzulo. Akakhala achimwene kapena mkulu wa mpingo, mumangoti, "Zikomo, tidzaonana mukapeza mpata," ndipo mpatawo umatha mwezi.

Sukulu ya zoimbaimba

Sukulu zotere m'dziko muno n'zowerengeka. Yodziwika kwambiri ndi Music Crossroads ku Area 23 mu Lilongwe, imene idatsegula sukulu yake mu 2013, chaka chomwe zinzake za ku Mozambique ndi Zimbabwe zidayambanso. Kumpoto kuli Lusubilo ku Karonga. Ku University of Malawi ku Zomba nyimbo zimaphunzitsidwa ngati gawo la digiri, ndiye kumeneko n'kwa munthu amene wasankha kuti moyo wake ukhale umenewu, osati wongofuna kuimba pakhonde madzulo.

Sukulu imakupatsani dongosolo: chida chanu, kuwerenga manotsi, kuphunzitsa khutu, ndi kuimba pamodzi ndi anzanu, zonse pamalo amodzi. Aphunzitsi amayang'aniridwa ndi wina, ndipo mmodzi akadwala sukulu siitseka. Mumapezanso anzanu a msinkhu umodzi pa luso, ndipo mabandi ena amabadwira momwemo. Kwa wachinyamata amene watsimikiza mtima ndipo amakhala pafupi, palibe njira yoposa iyi.

Kwa wina aliyense mavuto ndi odziwikiratu: mtunda, nthawi yoikika imene singagwirizane ndi ntchito, ndi kalasi imene imayenda pa liwiro la gulu. Munthu wa ku Mulanje kapena ku Mchinji sangasamuke chifukwa cha ma chord oyamba.

Makolo ena amafunsa za satifiketi. Mayeso odziwika ndi a mabungwe a ku Britain monga ABRSM, Trinity College London ndi Rockschool, amene amakwera kuchokera giredi 1 mpaka 8. Ku South Africa kulinso a UNISA. Amathandiza mwana amene akufuna kudzapitiriza maphunziro a nyimbo, ndipo kwa amene muli m'maiko amenewo aphunzitsi okonzekeretsa mayesowa savuta kupeza. Koma wofuna kuimba m'kwaya kapena m'bandi palibe adzamufunse pepala.

Foni: YouTube ndi ma app

Pulogalamu yochunira gitala, monga GuitarTuna, ikhale pa foni ya aliyense, kaya ali ndi mphunzitsi kaya alibe. Pamenepa palibe mkangano.

Pa maphunziro enieni, abwino alipo. Justin Sandercoe, mphunzitsi wochokera ku Australia, wakhala akuika maphunziro aulere pa JustinGuitar kuyambira 2003, osanjidwa bwino kuchokera pa kagwiridwe ka gitala. Yousician imamvetsera kudzera pa maikolofoni ya foni n'kukuuzani ngati mwaliza noti yolondola. Fender Play ndi yolipira mwezi ndi mwezi. Zolipirazi zimafuna khadi yogulira zinthu kunja, ndipo mmene ndalama zakunja zimavutira kuno, ambiri amangotsalira pa zaulere. Ngakhale zaulerezo zimadya bandulo ya TNM kapena Airtel, choncho ndi bwino kusunga mavidiyo pa foni mukapeza Wi-Fi.

Foni imamva noti koma siona dzanja. Mukhoza kupeza mamalikisi onse pa app uku mkono mwaupinda moti pakatha miyezi uyamba kupweteka. Chachiwiri, maphunzirowa ali m'Chingerezi ndipo nyimbo zake n'zakunja. Kamenyedwe ka manganje, kapena kayendedwe ka gitala ya nyimbo zauzimu za kwathu, simudzakapeza kofotokozedwa bwino pamenepo. Chachitatu ndi kusowa mwambo: lero phunziro la uyu, mawa la uyo, mapeto ake mukudziwa poyambira pa nyimbo khumi koma palibe imodzi yoti muimalize. Mukasankha njira iyi, gwirani mphunzitsi mmodzi ndipo mutsate maphunziro ake motsatana.

Kumudziwa mphunzitsi wabwino

Musamusankhe chifukwa mudamuona pa siteji. Woimba waluso kwambiri nthawi zina adaiwala kalekale mmene zimavutira kuchoka pa G kupita pa C, ndipo sakhala ndi mawu ofotokozera zimene zala zake zimangochita zokha. Pemphani phunziro limodzi loyesera, mulipire limenelo lokha, kenako muonetsetse izi.

Choyamba, gitala ikukhala m'manja mwa yani? Ngati theka la phunziro latha iye akuthamangitsa zala inu mukuombera m'manja, mwalipira shoo. Mphunzitsi weniweni amaonetsa pang'ono, mochedwa, n'kukubwezerani chidacho. Onaninso ngati wakufunsani nyimbo zimene mumakonda ndi chimene mukufuna kudzachita ndi gitala. Wosafunsa amaphunzitsa aliyense chimodzimodzi.

Tsiku loyamba lomwelo ayenera kuyang'ana gitala yanu ndi kukuphunzitsani kuchuna. Mutuluke mukudziwa kuti nsambo zisanu ndi imodzizo, kuyambira yonenepa, ndi E, A, D, G, B, E, komanso mutaliza kanthu, ngakhale ma chord awiri osavuta ngati Em ndi G. Chenjerani ndi amene amadzaza kope ndi manotsi masabata angapo musanaimbe nyimbo, chidwi chimafa. Chenjeraninso ndi wa mbali inayo, amene amangokulowezetsani nyimbo osakuuzani dzina la chord kapena chifukwa chake ikubwera pamenepo. Ameneyo akukumangirirani kwa iye, chifukwa nyimbo iliyonse yatsopano mudzafunika kubwereranso.

Mufunseni kuti, "Pakatha mwezi ndidzakhala ndikuimba chiyani? Nanga miyezi itatu?" Yankho lomveka limakhala lotere: mwezi woyamba ma chord otsegula (osafuna kutsekereza nsambo zonse) monga G, C, D, Em ndi Am, kusintha pang'onopang'ono, ndi kamenyedwe kamodzi kapena kawiri, pofika mwezi wachitatu nyimbo zingapo zathunthu osaduka biti, F ndi ma chord ena otsekereza nsambo zonse ndi chala chimodzi abwere pambuyo, dzanja litalimba. Wolonjeza kuti pakatha milungu iwiri mudzakhala katswiri akufuna ndalama zanu. Woyankha kuti "zimatengera munthu" basi, osapitiriza, alibe dongosolo.

Funso limene ndimaliona lofunika kwambiri kwa ife ndi ili: kodi adzakuphunzitsani kupeza kiyi ndi khutu? Muimbireni kolasi iliyonse mmene yakubwererani, muone ngati akulowa, kenako mumufunse kuti wachita bwanji. Kulowako ambiri amatha. Amene angakufotokozereni, kuti wamvetsera noti imene nyimbo ikupumirapo, waisaka pa nsambo yonenepa, kenako wayesa fa ndi so, ameneyo mugwireni.

Pemphaninso kumva wophunzira wake mmodzi, makamaka amene adayamba osadziwa kalikonse. Mphunzitsi wonyadira ntchito yake sakana. Ndipo pomaliza phunziro azikusiyirani ntchito yolembedwa kapena kavidiyo kakafupi ka pa WhatsApp, kuti pofika kunyumba musaiwale chala chinali pati.

Mtundu wa gitala nawo muunene poyamba. Ya classical, yoliza nsambo imodziimodzi ndi zala, ili ndi kakhalidwe ndi kagwiridwe kakekake. Besi ndi chida china, si gitala yochepa nsambo. Ngati ndinu wamanzere, mphunzitsi akambirane nanu, osangoti "zolowerani." Amanzere ambiri amaimba bwino gitala wamba, ndipo zimawathandiza kubwereka ya aliyense, koma ena dzanja limakaniratu.

Za ndalama zikambidwe poyera tsiku loyamba: phunziro ndi lalitali bwanji, kangati pa sabata, ndipo chimachitika n'chiyani wina akalephera kubwera. Kamodzi pa sabata n'kokwanira kwa woyamba. Kawiri n'kuwononga ngati pakati pake simukuyeserera. Lipirani pa phunziro kapena pa mwezi, osati miyezi itatu pakamodzi kwa munthu amene mwangomudziwa. Kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba kumasiya umboni, ndipo kumapewetsa mikangano ya "mwezi watha simudamalize."

Akakhala mwana, phunziro lichitikire pabalaza kapena pakhonde, pamene wamkulu akuona, ndipo mphunzitsi wolongosoka sadandaula nazo. Fufuzani kwa makolo ena amene adawaphunzitsira ana. Ku England mukhoza kufunsa chikalata cha DBS, choonetsa ngati munthu ali ndi mbiri ya milandu; kuno chikalata chathu ndi anthu omudziwa. Mvetseraninso mmene akuyankhulira mwana akalakwitsa. Wokalipa kapena woseka amapha chidwi msanga kuposa kupweteka kwa zala.

Gitala yomwe mukuphunzirira

Mphunzitsi ngakhale akhale wabwino chotani, gitala yoipa imamugonjetsa. Chofunika kuona si mtundu wa penti koma kutalika kwa nsambo kuchokera pa khosi. Pa fret ya 12, mpata wa pakati pa nsambo ndi kachitsulo uzikhala pafupifupi mamilimita 2 kapena 3 pa gitala ya nsambo zachitsulo, ndi 3 kapena 4 pa ya nayiloni. Ukapitirira pamenepo kwambiri, ngakhale katswiri amavutika. Magitala otchipa ambiri ndi akaunjika amadwala matenda amenewa, ena khosi lidapindika kale.

Nsambo za nayiloni sizipweteka kwambiri koma khosi lake ndi lalikulu. Zachitsulo zimaluma masabata awiri kapena anayi oyamba mpaka khungu lilimbe, ndipo zimamveka kutali. Yamaha C40 ndi F310 ndi zitsanzo zodziwika za oyamba, yoyambayo ya nayiloni, inayo yachitsulo, koma samalani ndi zongomata dzina. Mwana wamng'ono amafunika ya saizi ya 1/2 kapena 3/4. Pogula pitani ndi mphunzitsi kapena woimba wina aliyense; koma mphunzitsi akamakakamira kuti mugule yake yokha, funsani mtengo kwina. Mukagula musaisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka mwezi wa Okutobala, chifukwa guluu amasungunuka, ndipo muzipukuta nsambo mukatha kuimba, makamaka nthawi ya dzinja.

Nanga musankhe iti?

Wantchito wa m'tauni amene angakwanitse kulipira ayambe ndi mphunzitsi wapadera miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo akangotha kusintha ma chord atatu osaima alowe m'gulu loimba, ngakhale akhale kumbuyo gitala osalumikiza ku sipika. Amene thumba silikulola sabata iliyonse atsate maphunziro a pa foni, azikaima pa pulakatisi ya kutchalitchi, ndipo kamodzi pa mwezi alipire munthu wodziwa kuti angoona manja ake. Anthu awiri kapena atatu a msinkhu umodzi akhozanso kugawana mphunzitsi mmodzi. Mtengo umatsika, ndipo mumapeza woimba naye pakati pa sabata.

Njira iliyonse imafuna mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse, zomwe zimathandiza kuposa maola atatu a Loweruka lokha, chifukwa zala zimaphunzira mwa kubwereza pafupipafupi. Kuti mudziwe ngati ndalama zanu zikugwira ntchito, dzijambuleni pa foni kumayambiriro kwa mwezi mukuimba nyimbo imodzi, mudzijambulenso kumapeto. Ngati mwakhala mukuyeserera koma palibe chasintha, muonetseni mphunzitsi mavidiyo onse awiri mumve chimene anene. Akaloza vuto n'kusintha kaphunzitsidwe, pitirizani naye. Akangoti "mukuchita bwino" n'kutsegula nyimbo ina, malizani mwezi umene mudalipira, muthokoze mwaulemu, mukafune wina.